Nkhope ya Doreen pa Bwalo la Ndege

Lachinayi, 10 Okutobala 2024

Tamanga. Amayi Maria anga agona pakhonde ngati mtolo wa nzimbe, ndipo manja anga alibe chochita koyamba chiyambireni chaka.

Ndilembe bwinobwino, poti mutu wanga masiku ano umataya zinthu. Chiboliboli ichi anaitanitsa ndi Amalawi anzathu okhala ku Ireland, akufuna akachiike m'tchalitchi chimene amapempheramo. Iwo anauza a Matilda, mayi wa kampani yotumiza katundu kunja, amene ofesi yawo ili ku Lumbadzi pafupi ndi bwalo la ndege. A Matilda anafika pa Mua n'kufunsa kuti wosema wa manja abwino ndani, anthu n'kuloza ine, Saulosi. Sindikudzitama. Anzanga odziwa aja tsikulo anali kumaliro.

Mtengo wa malaina, woyera bwino, msinkhu kulekeza pachifuwa panga. Mayi wabereka mwana, chitenje wamanga monga amangira akazi a kuno. Koma nkhope ndi ya Doreen. Izi tikudziwa awiri basi, ine ndi mkazi wanga Fainesi. Mwana wathu anatisiya ali Fomu 3, zithunzi zake zinapita ndi madzi osefukira chaka chija, ndiye chotsala n'chimene chili m'mutu mwangamu, nachonso chikufufutika. Tsiku limene ndinamaliza masaya, F. anaima pakhomo, n'kutembenuka, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziwa kuti ndalondola.

Kumangako wandikaniza. Akuti amuna timamanga chilichonse ngati mbuzi. Watenga mapesi a mpunga a kumunda kwathu ku Bwanje, wawaza madzi kuti afewe, monga amachitira akamapita ndi mbiya kumsika wa Golomoti. "Ouma angamukande kumaso." Nkhata ya mapesi kumutu, ena kumaso, ena thupi lonse. Pamwamba pepala lakuda la pulasitiki, kenako masaka, kenako chingwe. Mfundo zake ngakhale wakuba angalire.

Goodson, mwana wa mlongo wanga, anyamuka mawa ndi lole ya mpunga. Ndikwera momwemo.

Lachisanu, 11 Okutobala

Goodson sanabwere. Ali pamzere wa dizilo ku Salima.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutentha kwake nkhuku zikuyenda kukamwa yasa. Ndimati ndimasuleko pang'ono ndione, F. wandimenya padzanja. "Abambo a Doreen, tatsanzikana kale. Mukufuna ndilirenso?" Ndasiya.

Goodson akuti mawa ndithu. Mawa a Goodson ndimawadziwa.

Lolemba, 14 Okutobala

Wabweradi! Takwera msewu wa m'mapiri wa Khwekhwerere lole ikulira ngati ng'ombe yokana goli, ine dzanja lili pa mtolo wanga njira yonse. Titatsitsa mpunga mu Lilongwe, tinalunjika ku Lumbadzi dzuwa litapendeka.

Ine ndimati bwalo la ndege ndi bwalo basi, dambo lalikulu, ndege n'kutera, anthu n'kutsika. Ayi ndithu. Usanaone n'komwe ndege, wayamba kale kuona zimene ndegeyo yabala. Nyumba zosungiramo katundu zazitali kuposa tchalitchi cha pa Mua, zitseko zake zoti lole imalowa yonse osawerama. Malo ogona alendo, ena omalizidwa, ena njerwa zikukwera. Malo omwetsera mafuta. Zikwangwani za mapuloti, zikwangwani za magalimoto obwereka, zikwangwani za anthu amene ntchito yawo ndi kuthamangitsira anzawo mapepala a katundu. Munda wa chimanga wapanikizika pakati pa mipanda iwiri ya njerwa, mizere yake ikadaoneka, ukudikira tsiku lake.

Kenako chinthu chija chinadutsa pamutu pathu. Ndinabisa mutu pansi pa mpando, Goodson kuseka mpaka kutsokomola. "Amalume, imeneyo ndi yaing'ono!" Mimba yake yoyera, matayala ali lende, phokoso lolowa m'mano. Kwathu timaziona ngati kambalame kokoka ulusi kumwamba. Sindinadziwe kuti zili ndi mimba.

A Matilda tawapeza akutseka. Mayi wachangu, mafoni awiri, amayankhula akuyenda. Akuti mawa ndi Tsiku la Anakubala, maofesi atseka, timasula Lachitatu pamaso pa woyendera katundu. Ndege yathu ndi ya Loweruka. Ikatisiya imeneyo, mwambo wodalitsa chiboliboli ku Ireland udutsa. Mtolo tauika m'nyumba yawo ya malata, yotentha ngati uvuni wa njerwa.

Goodson wabwerera. Ine andipezera kachipinda kuseri kwa shedi ya a Nelson, kalipentala amene amakhoma mabokosi a katundu wa a Matilda.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku lonse kuyenda ndi a Nelson, kukamwa kuli pululu. Iwowa kwawo ndi ku Mtakataka, moti titangotchulana midzi tapezeka kuti tinamwa madzi a mtsinje umodzi. Anabwera kuno ndi sowo ndi hamala. Pano ali ndi shedi, makina odulira matabwa, ndi mimba yoti malaya sakutsekeka.

Akuti, "Achimwene, kuno sitiyang'ana mitambo ya mvula. Timayang'ana ndege."

Zoona. Nthawi ya ndege yaikulu ikayandikira, msewu wonse umadzuka. Amataxi kupukuta magalasi, mayi wa tchipisi kuwonjezera nkhuni, akabaza kuyimika njinga mzere. Palibe waliza belu, onse amangodziwa. Ikapita, anthu kukhalanso pansi, bawo n'kupitirira.

Zimene ndaona, ndilembe ndisanaiwale, F. akandifunsa:

Kagalimoto ka nyanga ziwiri kutsogolo, kamanyamula katundu woti amuna khumi angathyoke misana, n'kutembenuka pamalo amodzi ngati kakuvina. Woyendetsa ndi mtsikana. Amatafuna chingamu.

Chipinda chozizira cha kampani ina ya ndiwo zamasamba. Okutobala uno, anthu alowamo atavala majekete ndi zipewa za ubweya! Mlonda ndi mnzawo wa a Nelson, wandilola kusuzumira pakhomo. Mphepo yake yandilasa m'mafupa. Zitheba zosankhidwa zofanana msinkhu ngati ana a sukulu, tsabola m'timabokosi. Akuti zothyoledwa lero, mkuja munthu akudya kutsidya kwa nyanja zazikulu. Ife tomato wathu amaolera pa Golomoti tikumuyang'ana.

Malo amene munthu amalipidwa chifukwa chokulunga sutikesi ya mnzake ndi pulasitiki. Basi, ntchito yake ndi yomweyo, ndipo akuphunzitsa ana.

Galimoto yakuda ya kampani ya maliro itaima pamthunzi. A Nelson akuti imadikira abale athu omwalira ku Joni, amabwera pandege. Ndavula chipewa. Ndiye kuti pakhomo limodzi lomweli pakutuluka zitheba, pakulowa maliro.

Ndamva bambo wina wa tayi akukuwa pafoni: "Puloti imeneyo musagulitse! Dikirani msewu udutse!" Wina pa tiyi: "Ine China ndapitako kanayi, koma ku Nkhotakota sindinafikeko."

Madzulo ndaimbira F. kumufunira tsiku labwino la anakubala. Tsikuli limamuvuta chaka chilichonse. Wangofunsa kuti, "Wagona pabwino?" Ndati eya.

Lachitatu, 16 Okutobala

Chakudza sichiimba ng'oma.

Woyendera katundu anafika m'mawa, mayi wodekha wa magalasi. Ndinadula chingwe, ndinachotsa masaka. Nditangong'amba pulasitiki, fungo. Fungo la madeya ovunda. Mapesi atentha ngati muli moto, akuda, akuchucha. Tizirombo tikuthamanga.

Mayi uja anabwerera m'mbuyo. "Bambo, mapesi sakwera ndege. Udzu, mbewu, dothi, zonsezi zimanyamula matenda a mbewu kupita nawo kwa eni ake. Awa atenthedwe." Ananena mwaulemu, ndipo sindinatsutse. Maso anga anali pa nkhata ya kumaso ija.

Ndinaichotsa. Chuku. Tsaya lamanzere lonse lakuda bii, kutsikira kuchibwano, kukwera mpaka pansi pa diso. Lamanja madonthomadontho. Thupi ndi mwana zili bwinoko, poti kumeneko mapesi anali ochepa. Kumaso n'kumene F. anaunjika ambiri, ofewa kwambiri, onyowa kwambiri.

Mbiya imafika ku Golomoti tsiku lomwelo. Ife sitinaganize kuti uyu akhala m'pulasitiki pafupifupi sabata, m'dzuwa la Okutobala. Ndimati ndiloze F. chala, koma ndinali pomwepo ine, ndikuyamikira mfundo.

Ndinayesa sandipepa. Ndachotsa pamwamba, pansi pakadali pakuda. Malaina ndi wofewa, wamwa.

A Matilda anazimitsa mafoni onse awiri, chizindikiro choti zinthu zavuta. Akuti, "A Saulosi, tipake polishi wakuda thupi lonse, palibe adziwe." Ndakana. Polishi wakuda amameza nkhope, amatsala ndi mphuno yokha. Ndiye akuti chabwino, koma Lachisanu m'mawa chiboliboli chiyenera kulowa kofukiza mankhwala ophera tizirombo, chikakhale mmenemo mpaka Loweruka. Chikapanda kukonzeka, ali nacho china m'shopu ya ziboliboli ya mnzawo, atumiza chimenecho. Ndachiona. Amayi Maria a nkhope ya aliyense.

Sindinawauze kuti ndi nkhope ya ndani. Ndauza a Nelson, titakhala pa matabwa, mapesi akufuka m'mgolo kuseri. Anangodzuka n'kuyamba kusesa pa benchi yawo yabwino ija.

Vuto ndi ili: kuti chuku chichoke ndiyenera kusema mozama. Ndikasema mozama, masaya apita. Ndipo Doreen anali masaya.

Zida zanga ndinasiya kunyumba. Ndimati ndikudzangopereka katundu.

F. waimba kawiri. Sindinayankhe.

Lachinayi, 17 Okutobala

Malo ano ndi odabwitsa. Kwathu tchizulo ikathyoka umadikira wopita ku Lilongwe. Kuno a Nelson anangotuma mawu, tiyi asanazizire zinthu zayamba kufika. Matchizulo awiri kuchokera kwa wokonza mipando ya m'malo ogona alendo. Tupa kwa wowotcherera zitseko. Mpeni wopindika kwa mnyamata wa shopu ya ziboliboli, yemwe uja katundu wake akudikira kulanda malo a wanga. Mwala wonolera kwa wogulitsa nyama. Aliyense akuti, "Ndege ya liti?" Ndikati Loweruka, amagwedeza mutu ngati ndatchula matenda amene onse anadwalapo.

Ndinanola, ndinapemphera, ndinayamba.

Ndege ikadutsa benchi imanthunthumira, ndimachotsa mpeni, ndimadikira. Pofika masana ndinazolowera, ndimaimva ikadali kutali. Tsaya lamanzere ndinatsika nalo pang'onopang'ono, tizipalapaso topyapyala ngati makoko a anyezi. Lakuda, lotuwa, lotuwirako, kenako loyera. Nditafika poyera ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Mbali imodzi mwana wanga, mbali inayo munthu wodwala.

Panalibe kuchitira mwina. Ndinatsitsanso lamanja kuti afanane. Masaya atatsika, mphuno inaoneka yaikulu, ndinaichepetsa. Pansi pa diso panali dontho lozama, polichotsa panatsala kamzere, ndiye ndinaika kamzere kenanso diso linalo. Chibwano chinasongoka. Chilichonse chimene ndakhudza chimaitana chinzake.

Anthu anadzaza pakhomo la shedi. Onyamula katundu, amataxi, mtsikana wa kagalimoto ka nyanga uja pa nthawi yake yopuma. Mzungu wina wochokera kogona alendo anafuna kujambula, a Nelson anamuletsa. Mayi wa tchipisi anabweretsa mbale, akuti ndidye kaye, "wakufa ndi njala samaliza ntchito." Ndinadya ndili chiimire.

Wina kumbuyo: "Akufanana ndi nesi wina wa kwathu." Wina: "Ayi, ndi mphunzitsi ameneyu."

Dzuwa likulowa ndinamaliza ndi sandipepa wosalala, ndinapaka polishi woyera. A Matilda anazungulira kawiri, akuti, "Koma ndiye chaposa poyamba." Poyamba sanachione bwino, anaona chuku. Anajambula ndi foni.

Chuku chatha. Chiboliboli ndi chokongola, zimenezo ndikuziona ndi maso a ntchito. Koma si mtsikana wa Fomu 3 uja. Ndamuyang'ana mpaka maso kuwawa, ndikutseka maso kuti ndimufananize ndi wa m'mutu, ndipo wa m'mutuyonso sakubwera bwino. Ndikuopa kuti ndamuchotsa ndi manja anga, m'mtengo ndi m'mutu momwe.

Lachisanu, 18 Okutobala

Walowa kofukiza mankhwala. Chitseko chachitsulo, chikwangwani cha chigaza. Ndinatsala panja ngati wodikira odwala.

Ndaimbira F. ndamuuza zonse. Sindinakometse. Pafoni ndimamva nkhuku za kwathu. Kenako: "Ndiye ndamuwononga ndine." Ndati ayi, tonse. Akuti, "Munandiona ndikuwaza madzi." Ndati ndinakuona, ndipo ndinakutungira ndine madziwo. Analira. Inenso, pamaso pa akabaza.

Akufuna aone. Foni yake ndi ya mabatani, ndiye akuti chithunzi chipite kwa Esther, mphunzitsi woyandikana nafe nyumba. Ndati mawa. Akuti lero. Ndati a Matilda atanganidwa. Bodza, anali pomwepo akudya nthochi.

Masana ndathandiza a Nelson kukhoma bokosi. M'kati aikamo thovu loyera lofewa ndi pulasitiki ya timatuza, yoti ukafinya imaphulika. Ndaphulitsa angapo mpaka anandilanda. Anthu anakhala pansi n'kupanga chinthu choti chigwire ntchito ya mapesi, chopanda madzi, chopanda mbewu. Ndatenga kachidutswa m'thumba kokamuonetsa F.

A Nelson akuti ndibwere ndidzakhale, pakona pa shedi pali malo, alendo amakonda kuona munthu akusema. Ndaseka. Koma ndayang'ana pakonapo.

Loweruka, 19 Okutobala

Anamutulutsa m'mawa. Mayi wa magalasi uja anayang'ana paliponse, mpaka pansi pa mapazi, n'kuvomera. Anati, "Mwagwira ntchito, bambo." Tinamugoneka m'bokosi. Ndisanaphimbe kumaso ndinauza a Matilda kuti tumizani chithunzi chija kwa Esther. Ndinawapatsa nambala msangamsanga ndisanasinthe maganizo.

A Nelson anandipatsa hamala kuti msomali womaliza ndikhome ine. Ndinakana. Misomali ya mtundu umenewo ndinaimva kale kamodzi.

Bokosi linakwera sikelo, linamatidwa mapepala, linalowa m'makina oona za m'kati. Mtsikana wa chingamu analinyamula ndi nyanga zake, ndipo ndinaona kuti wayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Pa chipata anandibweza, kuti kuyambira apa ndi a ziphaso okha.

A Nelson amadziwa malo ena kumpanda, kumene anthu amaima kuonerera. Tinapeza azimayi ogulitsa mango, banja lina lobayibitsa mwana wawo, ana a m'midzi yapafupi. Ndege ili apo, yaikulu ija, dzuwa likuwala pamsana pake. Timagalimoto tikuizungulira ngati nyerere pa chiwala. Pamimba pake patseguka, katundu akukwera. Mabokosi ambirimbiri, sindinathe kudziwa langa.

Foni ili zii. Esther wachiona, a Matilda akuti zizindikiro za pafoni yawo zasanduka zabuluu, kusonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Ndiye kuti F. waona. Ndipo sakuimba.

Ndege inatseka, inabwerera chambuyo, inapita kutali kumapeto mpaka kuchepa. Inaima. Kenako kulira kuja, kumene ndimati ndazolowera. Inathamanga kutidutsa, mpanda ukunjenjemera m'manja mwanga, chinthu cholemera kuposa malole onse a Goodson, n'kungodzutsa mphuno, n'kusiya dziko. Ndinakuwa. Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani. Mayi wa banja lija amalira, ana akudumpha.

Foni inalira ndege isanalowe m'mitambo. Sindimamva, ndinatseka khutu linalo ndi chala.

"Abambo a Doreen."

"Ndikumva, amake Doreen."

"Ndamuona."

Ndinadikira. Kumbuyo kwake Esther amauza ana kuti akhale chete.

"Wakula," anatero. "Mwana wathu wakula. Akanakhala chonchi chaka chino."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, msana kumpanda. A Nelson anatola chipewa changa n'kuima nacho patali pang'ono.

F. sanadule foni. Akuti ndimuuze mbali imene ndege yalowera, atuluke panja.